Pansi pa mulu wa kaunjika pali nsalu

Mwezi wa June ukamayandikira, ife a kuno ku Mulanje Mission sitisowa wotiuza. Phiri limayamba kufunda mitambo, kenako chiperoni chimatsika ndi kamvula kake kowaza, masiku atatu kapena anayi dzuwa osalionako. Choipa n'chakuti kuzizira kumeneku kumafika nthawi imene ntchito yothyola tiyi yachepa m'maesiteti, aganyu ambiri ali pakhomo, nandolo wogulitsa naye asanakhwime. Kholo limayang'ana juzi ya mwana yomwe manja ake akulekezera m'zigongono, n'kuyang'ananso bulangete lomwe lasanduka sefa, kenako n'kupisa m'thumba. M'thumbamo mulibe ngakhale khobidi.

Kale zikafika pamenepa tinkati palibe chodandaula, tikawerama pa kaunjika. Lero kaunjikayo nayenso wayamba kusankha anthu. Zovala zimenezi zimachokera kunja, ndipo oitanitsa amalipira ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa belo udakwera osacheuka. Mukukumbukira kuti mu February 2025 mavenda a kaunjika adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukalira za nkhani yomweyi. Belo likachoka ku Limbe, n'kulipirira galimoto, n'kulipirira chiphaso cha mumsika, pofika pa Chitakale kapena ku Limbuli mtengo wa malaya amodzi umakhala woti munthu ayambe wawerengera kaye ndiwo za sabata yonse.

Ine sindine katswiri wa zachuma, ndipo kwacha sindingaidzutse. Chimene ndikudziwa ndi singano ndi ulusi. Ndasoka zaka zambiri, poyamba pamanja, kenako ndi makina opalasa a Singer omwe ndi aakulu kuposa ana anga onse. Pa zaka zonsezi ndaona kuti ambiri tikapita pa kaunjika timafuna chovala chotikwana, pomwe phindu lenileni lili pa nsalu. Belo likangotsegulidwa, anthu amalimbirana zokongola ndi za saizi yawo, ndipo zimenezo ndiye zodula. Pakatha sabata ziwiri pamatsala mulu wa zokanidwa: diresi loti mungalowemo anthu awiri, malaya othetheka kolala, katani limodzi lopanda linzake, jinzi yofa zipi. Mwini wake amafuna angozichotsa kuti akaode belo lina, motero amatsitsa mtengo mpaka pansi. Pamenepo mpamene ine ndimawerama.

Taonani zimene zimatuluka m'mulu umenewo. Nsalu yoyala pabedi la anthu awiri imakhala pafupifupi mamita awiri uku ndi uku, ndiye kuti ndi yaikulu kuposa chitenje. Ikakhala yoyera mumatuluka malaya a sukulu awiri kapena atatu a mwana, kapena bulauzi ya Mvano pamodzi ndi duku. Ikakhala yamaluwa, amenewo ndi madiresi a atsikana ndi zovekera mapilo. Katani lochindikala limasanduka chikwama cha mabuku cholimba kuposa zija timagula mu September n'kuduka lamba mu November. Malaya a bambo wathupi amatulutsa diresi la kamtsikana ka zaka zisanu, ndipo theka la ntchito limakhala litachitika kale chifukwa mabatani ndi mabowo ake ali pomwepo kutsogolo. Juzi yaikulu nayo musaidutse. Manja ake awiri mukawadula n'kuwalumikiza kumtunda, n'kuika lasitiki m'chiuno, khanda lapeza kathalauza kofunda, ndipo chotsalacho chikwana chipewa ndi kajuzi kopanda manja.

Komabe si nsalu iliyonse yoyenera kupita nayo kunyumba. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire, itambasuleni n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Pamene payera kwambiri ndi pamene patha, ndipo pakachuluka malo otero isiyeni, ulusi wanu ungapite pachabe. Ikokeni pang'ono ndi manja awiri. Ikalira ngati ikufuna kung'ambika, imeneyo ndi ya chikolopa basi. Funafunaninso kapepala kosokerera m'khosi kapena m'mbali. Pakalembedwa kuti cotton, limenelo ndi thonje, ndipo thonje ndilo bwenzi la wosoka: silitereka pansi pa singano, limamwa thukuta, limapirira simbi yotentha.

Kapepalako kakasowa, pali njira ina yochitira kunyumba. Dulani kachidutswa kakang'ono m'kati mwa msoko n'kukayatsa ndi machesi pabwalo. Thonje limayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera. Nayiloni ndi poliyesitala zimasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kolimba. Izi si zongosewera ayi. Nyengo yozizira ana amaunjikana pa mbaula ndi pa mafuwa kuwotha moto, ndipo nsalu yosungunuka ikagwira moto imamatirira pakhungu, bala lake n'kukhala lozama. Chovala chogonera kapena chowothera moto cha mwana wamng'ono chisakhale cha nsalu yotere.

Mukafika nazo kunyumba musathamangire sizasi. Chapani kaye ndi sopo ndi madzi otentha, zoyera pazokha, zamitundu pazokha, chifukwa simudziwa kumene zadutsa, komanso nsalu yosuluka kapena yofinyika ndi bwino ionetse khalidwe lake musanaidule. Yanikani padzuwa, ndipo zikauma sitani ndi simbi yotentha bwino, yomwe imaphanso mazira a mphutsi zija zimalowa m'khungu. Kenako phwasulani misoko pang'onopang'ono ndi lezala, kuti chovalacho chibwerere kukhala nsalu yotambasuka. Mabatani, mazipi amoyo ndi lasitiki wolimba sungani m'kabotolo. Zinthu zing'onozing'onozi n'zimene zimadya ndalama mosaonekera kusitolo. Podula tsatani kumene ulusi wa nsaluyo ukulowera, apo ayi siketi idzapotoka ikangochapidwa kamodzi. Ndipo ife opita kutchalitchi fanizo la chigamba chatsopano pa chovala chakale tidalimva kalekale. Kwa wosoka limeneli ndi langizo la ntchito: zakale lumikizani ndi zakale zinzake, zochindikala ndi zochindikala zinzake.

Tsopano ndifike pa nkhani yomwe yadanitsa anthu ambiri pa makonde a sitolo, nkhani ya zidutswa zotsala kwa telala. Mayi wapititsa zitenje ziwiri kuti amusokere diresi la ukwati wa mphwake. Tsiku lotenga, diresi lija lilipo, lakhala bwino, koma chotsala palibe. Akafunsa kuti, “A telala, nanga zotsala zanga?” yankho limadziwika kale: “Mayi, nsalu yanu inali yoperewera, ndachita kuvutika nayo.” Pakapita mwezi mayi uja amakumana ndi kamwana ka eni kakuthamanga mumsika katavala kabudula wa maluwa a diresi lake.

Ine ndasokerapo anthu, ndiye mbali zonse ziwiri ndikuzidziwa. Nsalu ndi ya amene adaigula, ndipo chidutswa chilichonse choposa chikhatho chiyenera kubwerera kwa mwini wake asanafunse n'komwe. Telala wobweza zotsala sasowa makasitomala. Koma nanunso opititsa nsalu, nenani pa tsiku loyeza kuti zotsala mukuzifuna, osati kudzayambitsa mlandu pa tsiku lotenga. Ngati mulibe nazo ntchito, muuzeni atenge, mtima wake ukhale m'malo. Tinyenyeswa timene timagwa pansi pa makina, timene ambiri amasesa n'kutentha kuseri kwa sitolo, timeneto tikambirane. Mutengereni telala thumba loti azitayamo, ndipo likadzaza mumusiyire kangachepe, kaya ndi kandalama, kaya ndi phava la nthochi. Iye wapepukidwa zinyalala, inu mwapeza chosokera, utsi wa nayiloni nawo wachepa pamsika.

Nanga zidutswazo mungapange nazo chiyani? Ndiyambe ndi chofunda, poti ndicho chikutisowetsa tulo. Dulani katoni ya masentimita 17 mbali zonse zinayi, ikhale muyeso wanu. Jambulani ndi choko kapena kasopo kotsalira pa nsalu, n'kudula zidutswa zofanana. Mukasoka kusiya sentimita imodzi m'mbali monse, chidutswa chilichonse chimatsala masentimita 15. Mzere umodzi ukhale wa zidutswa 8, ndipo mizere ikhale 12. Zonse pamodzi ndi zidutswa 96, ndipo chofunda chake chimakhala masentimita 120 m'lifupi ndi 180 m'litali, chokwana mwana wa sukulu mpaka kumapazi. Thalauza limodzi la munthu wamkulu limandipatsa zidutswa 12, ndiye mathalauza asanu ndi atatu a pa mulu wa zokanidwa akwana. Bulangete lija lasanduka sefa musataye. Liikeni pakati, pansi pake muyale nsalu ya pabedi yakale, ndipo pa mphambano iliyonse ya zidutswa mubaye ndi ulusi wolimba n'kumanga mfundo kuti zitatuzi zisamasiyane pochapa. Kufunda kumachokera ku mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaluzo, n'chifukwa chake nsalu zitatu zopyapyala zimatha kuposa imodzi yochindikala.

Wina anena kuti alibe makina. Makina amafulumizitsa chabe. Mzere umodzi pa tsiku, mutakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, pakutha masiku 12 pamwamba pa chofunda patha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chofunika ndi msoko wobwerera m'mbuyo, uja umati ukabaya kutsogolo n'kubwereranso theka, chifukwa sumasuka chisawawa. Jinzi ndi yolimba pobaya, choncho osoka pamanja ayambe ndi mathalauza ofewa ndi zitenje.

Tinyenyeswa tosakwana muyeso nato tili ndi ntchito. Tidulidwe tating'ono totalika ngati chala, n'kutilowetsa m'mabowo a thumba la saka lochapa bwino, kamodzikamodzi mothithikana, ndipo mupeza chopondera pakhomo chomwe anthu a m'tauni amagula ndi ndalama zabwino. Tofewa tilowe m'pilo. Zidutswa za jinzi zipindidwe kangapo zikhale zogwirira poto. Zotalika zilumikizidwe zikhale chikwama cha kumsika. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo khoti la Supreme lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbo amene timaona atatseka ngalande ndi kudzaza m'minda tidabwera nawo tokha kuchokera kumsika. Chikwama chimodzi cha nsalu chimatha chaka chikunyamula tomato ndi usipa.

Pali ntchito ina ya nsalu zotsala yomwe sitiikamba mokweza, koma ndi yaikulu kuposa zonsezi. Atsikana ambiri amajomba kusukulu akakhala kumwezi chifukwa chosowa chodzitetezera. Boma lidachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, komabe kwa banja lodalira ganyu paketi ya mwezi ndi mwezi ndi katundu wolemera. Magulu a amayi othandiza m'sukulu akhala akusoka mapadi ochapa, ndipo njira yake si yovuta: pamwamba nsalu yofewa ya thonje, pakati zidutswa za thaulo, pansi nsalu yosalowa madzi ngati ya ambulera yothyoka. Apa ukhondo ndiye mwini nkhani. Nsalu ikhale yochapa bwino isanasokedwe, ndipo ikagwiritsidwa ntchito ichapidwe ndi sopo n'kuuma padzuwa, osati kuibisa pansi pa mphasa ili yonyowa. Mtsikana wokhala ndi mapadi anayi kapena asanu otere sakhala ndi chifukwa chophonyera mayeso. Chimodzimodzi amayi oyembekezera. Ife okhala pafupi ndi chipatala cha Mission timawaona tsiku ndi tsiku akubwera ndi beseni pamutu, m'kati muli zitenje zodikirira mwana. Matewera, tizipewa ndi tinsalu tofunditsa khanda zingathe kusokedwa miyezi isanakwane, kuchokera ku thaulo ndi nsalu za thonje za pa kaunjika, ndalama n'kusungira ulendo ndi chakudya cha wodikirira.

Chimene chimatilepheretsa kwenikweni si kusowa nsalu koma manyazi. Tidakula tikuseka mnzathu wa chigamba kumatako, ndipo mawu oti “nsanza” adasanduka chipongwe. Koma makolo athu sankataya nsalu. Ankavala chiwondo chochokera ku khungwa la mtengo, ndipo David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo. Munthu wodziwa thukuta limene lili m'nsalu sangaitenthe chifukwa chabooka pabondo. Ku America kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend m'chigawo cha Alabama, komwe amayi achikuda, zidzukulu za akapolo, ankalumikiza zidutswa za zovala zogwirira ntchito kumunda kuti ana awo asagone ndi mphepo m'nyumba zopanda moto wokwanira. Mu 2002 zofunda zawozo zidaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zidasindikizidwa pa masitampa a dzikolo. Zomwezo ife timabisa alendo akabwera. Chochititsa manyazi ndi chigamba chosokedwa mwaulesi, chopotoka, ulusi uli lendelende. Chigamba chowongoka, chosita bwino, chimangouza anthu kuti pakhomopo pali munthu wosamala.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, kodi potamanda kaunjika sitikupha mafakitale athu? Funsoli ndi lomveka. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe idayamba m'zaka za m'ma 1960, inkalemba ntchito anthu zikwizikwi isanafooke n'kugulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, ndipo ambiri amati kusefukira kwa zovala zotchipa zakunja kudathandizira kufookako. Thonje timalima ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, koma malaya timavala otsala kwa eni ake. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Dziko la Rwanda lidakweza kwambiri msonkho wa kaunjika mu 2016 pofuna kuteteza mafakitale ake, ndipo America idabwezera mu 2018 pochotsa zovala za ku Rwanda pa mwayi wolowa m'dzikomo mopanda msonkho pansi pa AGOA. Ku Ghana nako, msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra umalandira zovala zambiri zedi moti zosagulidwa zimakathera m'ngalande ndi m'mphepete mwa nyanja.

Zimenezo ndi nkhondo za akuluakulu, ndipo ndikulakalaka tsiku limene mwana wa ku Mulanje adzavale malaya a thonje la ku Chikwawa pa mtengo woti mayi wake angakwanitse. Koma mwanayo akuzizidwa chaka chino. Ndipo taganizani bwino: mukagula malaya a kaunjika n'kungovala, ndalama yambiri yapita kwa oitanitsa. Mukagula nsalu ya pabedi yokanidwa pa mtengo wotsika n'kupita nayo kwa telala wa pakhonde, gawo lalikulu la ndalama yanu latsala pamudzi pompano, lagula ufa wa ana a telalayo. Luso lodula ndi kusoka likakhalabe ndi moyo m'midzi, fakitale ikadzadzuka idzapeza manja odziwa kale ntchito.

Luso limenelo ndilo ndikuliopera. Ife a msinkhu wanga tidaphunzira zosokasoka ku pulayimale, ndipo ku Mvano amayi akuluakulu ankationgola dzanja. Lero ndimakumana ndi ana a Fomu 4 omwe batani likathothoka amavala malaya ena. Namondwe wa Freddy atatikantha mu March 2023, mabanja ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe adatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Zovala zachithandizo zidabwera, koma sizinkasankha saizi. Pakhomo pamene panali munthu wodziwa kubweza chiuno ndi kupinda mpendero, ana adavala msanga. Anyamata nawonso asanamizidwe kuti singano ndi ya akazi. Tayendani pa makonde a Chitakale muwerenge amene akupalasa makina, muona kuti ambiri ndi abambo, ndipo akudyetsa nawo mabanja.

Pempho langa likupita kwa atatu. Aphunzitsi, patulani ola limodzi pa sabata kuti mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi, adziwe kusoka batani, kupinda mpendero ndi kuika chigamba asanalembe mayeso a Sitandade 8. Amayi a m'magulu a mipingo ndi a m'mizikiti, ikani thumba la zidutswa pamalo pamene mumakumanirana, ndipo chofunda choyamba chikapite kwa gogo amene akulera ana amasiye m'dera lanu. A banki m'khonde, pogawana ndalama kumapeto a chaka ganizirani zogula makina amodzi a gulu, ndipo wachinyamata amene waonetsa chidwi mumufufuzire maphunziro a utelala kudzera ku TEVETA.

Kwa inu nonse, Loweruka likubwerali mukapita kumsika dutsani pa mulu uja anthu aukana. Musafunse ngati chovalacho chikukukwanani. Chitambasuleni, muchiyang'anitse kudzuwa, muwerenge zidutswa za masentimita 17 zimene zingatulukemo. Amene muli ndi njira zina zogwiritsira ntchito nsalu zotsala, lemberani kudzera kwa a Mkonzi kuti tiphunzire limodzi patsamba lino.